Mavoti 537: Momwe Florida Inasankhira Pulezidenti wa America mu 2000

Lachiwiri pa 7 Novembala 2000, munthu wa m'boma la Palm Beach m'chigawo cha Florida akalowa m'kachipinda kovotera ankapeza kabuku kotsegula. Maina a ofuna upulezidenti anali kumanzere ndi kumanja, ndipo pakati panali mzere umodzi wa timabowo. Kumanzere, dzina loyamba linali la George W. Bush wa chipani cha Republican, lachiwiri la Al Gore wa chipani cha Democrat. Aliyense angaganize kuti munthu wachiwiri bowo lake likhalanso lachiwiri. Sizinali choncho. Bowo lachiwiri linali la Pat Buchanan, yemwe dzina lake linali pamwamba pa tsamba lakumanja. La Gore linali lachitatu.

Buchanan, wa kachipani kakang'ono kotchedwa Reform, anapeza mavoti 3,407 m'boma limenelo, kuposa m'boma lina lililonse la Florida. Palm Beach ndi dera lodzaza ndi okalamba opuma pantchito, ambiri mwa iwo Ayuda ochokera ku New York ndi madera ena akumpoto, anthu amene moyo wawo wonse akhala akuvotera chipani cha Democrat. Chaka chimenecho Gore anali atasankha Joe Lieberman, Myuda, kukhala womutsatira, pamene Buchanan anali munthu amene ankanenedwa kuti amalankhula zonyoza Ayuda. Ngakhale Buchanan mwiniwake anavomera pa wailesi yakanema kuti ambiri mwa mavoti amenewo sanali ake. Anthu enanso oposa 5,000 anabowola pawiri, pa Buchanan ndi pa Gore, ndipo mavoti awo anatayidwa.

Bush anapambana Florida ndi mavoti 537.

Chiwerengero chovomerezeka chinati Bush 2,912,790, Gore 2,912,253. Pa anthu pafupifupi 6 miliyoni amene anavota, kusiyana kwake kunali kwa anthu okwana m'tchalitchi chimodzi chachikulu Lamulungu m'mawa. Koma m'chigawo chomwecho mapepala oposa 170,000 sanawerengedwe ngati voti ya pulezidenti. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse: zolakwika za kavotedwe zinali zazikulu kuposa kusiyana kwa anthu awiriwa maulendo mazanamazana, choncho wopambana anadziwika malinga ndi mapepala ati amene anawerengedwa, ndiponso ndani anali ndi mphamvu yonena kuti kuwerenga kwatha.

Chigawo chimodzi chingagwire bwanji dziko lonse pakhosi? Kwathu timawonkhetsa mavoti a dziko lonse n'kupeza wopambana. Ku America, anthu a chigawo chilichonse amasankha nthumwi, ndipo nthumwizo ndi zimene zimasankha pulezidenti. Dongosololi amalitcha Electoral College. Nthumwi zonse ndi 538, wopambana amafunika 270. Chigawo chimapatsidwa nthumwi zofanana ndi chiwerengero cha aphungu ake m'nyumba ziwiri za malamulo. Nthawi imeneyo Florida inali ndi aphungu 23 m'nyumba imodzi ndi masenata awiri m'nyumba inayo, ndiye nthumwi 25. Kupatula Maine ndi Nebraska, wopambana m'chigawo amatenga nthumwi zonse, kaya wapambana ndi miliyoni kaya ndi voti imodzi.

M'dziko lonse Gore anaposa Bush ndi mavoti oposa 540,000, koma zimenezo sizinamuthandize kanthu. Popanda Florida, Gore anali ndi nthumwi 267 ndipo Bush 246. Aliyense wotenga 25 zija ndiye pulezidenti. Tisaiwale kuti Gore analuza kwawo ku Tennessee, komwe kunali nthumwi 11. Akanapambana kwawoko, kapena ku New Hampshire kokhala ndi nthumwi 4 zokha, nkhani ya Florida bwenzi palibe amene akuikumbuka.

Florida siinali ya chipani chimodzi. Mu 1992 inavotera George Bush wamkulu, bambo ake a George W., ndipo mu 1996 inavotera Bill Clinton. Kumpoto kwake, makamaka kamtunda kopyapyala kolowera kumadzulo komwe amati Panhandle, ndi dera la asilikali ndi anthu opemphera kwambiri, ndipo ndi la Republican. Kum'mwera chakum'mawa, ku Broward ndi ku Palm Beach, kunali kwa Democrat. Pakati, kuchokera ku Tampa kudutsa Orlando mpaka ku Daytona Beach, kunali kwa aliyense amene wakopa bwino. Bwanamkubwa wa chigawocho anali Jeb Bush, mng'ono wake wa George W., amene anasankhidwa mu 1998.

Zinthu zingapo zinakoka anthu uku ndi uku chaka chimenecho. Ku Miami kuli anthu ambiri ochokera ku Cuba, amene ankadana kwambiri ndi ulamuliro wa Fidel Castro. Mu Novembala 1999 kamnyamata ka ku Cuba, Elián González, kanapulumutsidwa panyanja mayi ake atamira pothawira ku America. Achibale a ku Miami anafuna kuti kakhale, bambo ake ku Cuba anafuna kabwerere. Pa 22 Epulo 2000 apolisi a boma la Clinton okhala ndi mfuti analowa m'nyumba ya achibalewo m'bandakucha n'kukatenga. Gore anayesa kudzipatula pa nkhaniyi, koma anali wachiwiri kwa Clinton, ndipo anthu a ku Cuba aja anamulanga pa tsiku lovota. Kumbali inayi, Jeb Bush anali atakwiyitsa anthu akuda pothetsa ndondomeko yowapatsa mwayi wapadera wolowa m'mayunivesite ndi kupeza makontirakiti a boma, ndipo iwo anatuluka mwaunyinji kukavotera Gore. Panalinso Ralph Nader wa chipani cha Green, amene anapeza mavoti oposa 97,000 m'chigawocho. Mpaka lero a Democrat ena samukhululukira. Komatu pa mpikisano wa 537, aliyense mwa anthu khumi amene anali pa pepala lovotera anapeza mavoti oposa pamenepo, choncho chala chikhoza kuloza aliyense.

Usiku wa chisankho mawailesi akanema anachita za kandimverere. Itatsala pang'ono kukwana 8 koloko, analengeza kuti Gore watenga Florida, pomwe kumadzulo kwa Panhandle, komwe wotchi ili m'mbuyo ndi ola limodzi, malo ovotera anali asanatseke. Cha m'ma 10 koloko anabweza mawu. Itangopitirira 2 koloko usiku, Fox News inalengeza kuti ndi Bush, ndipo ena onse anatsatira pasanathe mphindi zochepa. Chimodzi mwa zimene zinawasokoneza chinali makina a m'boma la Volusia amene molakwika anachotsa mavoti pafupifupi 16,000 pa chiwerengero cha Gore, cholakwika chomwe chinakonzedwa usiku womwewo. Gore, ali ku Nashville, anaimbira Bush ku Austin kuvomera kuti wagonja. Ali m'galimoto kupita kukalankhula kwa omutsatira, anyamata ake anaona kuti kusiyana kukuchepa mphindi iliyonse. Anaimbanso foni kubweza mawu ake. Kutacha, Bush anali patsogolo ndi mavoti 1,784.

Ndimaona kuti kulengeza kwachiwiri kuja kunamupweteka Gore kuposa momwe anthu amanenera. Kuyambira usiku umenewo, m'maso mwa anthu ambiri Bush anali wopambana amene akumulanda, ndipo Gore anali woluza wokana kuvomera.

Kuti timvetse zimene zinatsatira, tiyenera kudziwa kuti ku America kulibe bungwe limodzi loyendetsa chisankho m'dziko lonse. Florida ili ndi maboma 67, omwe kumeneko amawatcha county, ndipo boma lililonse linali ndi mkulu wake wa zisankho, makina ake, ndi kalembedwe kake ka pepala lovotera. Pepala la Palm Beach lija, lomwe analipatsa dzina loti gulugufe chifukwa cha mapiko ake awiri, analikonza ndi Theresa LePore, mkulu wa zisankho wa bomalo, yemwe anali wa Democrat. Iye ananena kuti anafuna zilembo zikhale zazikulu kuti okalamba aziwerenga mosavuta, ndiye maina khumi sanakwane tsamba limodzi. Panalibe chiwembu. Kunali kufuna kuthandiza.

Ku Duval, boma lomwe kuli mzinda wa Jacksonville, maina a ofuna upulezidenti anawayala pa masamba awiri otsatizana, pomwe chitsanzo chimene chinafalitsidwa chisankho chisanachitike chinauza anthu kuti avote pa tsamba lililonse. Anthu anachita zimene anauzidwa: anasankha munthu pa tsamba loyamba, winanso pa lachiwiri. Mapepala oposa 26,000 anatayidwa m'boma limenelo lokha, ambiri ochokera m'madera a anthu akuda amene ankavotera Gore. Nkhani ya Duval siinamveke ngati ya Palm Beach, koma kukula kwake kunali kofanana kapena kuposa. Ku Gadsden, boma losauka lomwe anthu ambiri ndi akuda, pafupifupi pepala limodzi pa 8 aliwonse silinawerengedwe.

Maboma akuluakulu ankagwiritsa ntchito makhadi obowola, luso la m'ma 1960. Wovota ankalowetsa khadi m'chipangizo n'kulasa ndi kachitsulo kosongoka pafupi ndi dzina la munthu wake, kuti kachidutswa ka pepala kagwe. Kachidutswako dzina lake ndi chad, mawu amene dziko lonse linaphunzira mwezi umenewo. Makina owerengera ankawalitsa kuwala pa khadi; kuwala kukadutsa pabowo, voti yawerengedwa. Koma kachidutswa kankatha kutsala kakulendewera ndi ngodya imodzi kapena ziwiri, kapena kungotupa osabowoka, monga momwe zimachitikira ngati kachitsulo sikanalasidwe mwamphamvu kapena chipangizo chadzaza zidutswa zakale. Zikatero makina ankati munthuyu sanavotere aliyense. Ndiye panali mitundu iwiri ya mapepala otayidwa: osaoneka voti, ndi ovotedwa kawiri kapena kuposa. Musunge kusiyana kumeneku, chifukwa kudzabweranso kumapeto.

Panalinso anthu amene sanafike n'komwe pogwira pepala. Malamulo a Florida ankaletsa kuvota munthu aliyense amene anapezekapo wolakwa pa mlandu waukulu, ngakhale atamaliza chilango chake. Boma la chigawo linalemba ntchito kampani kuti ipeze anthu oterowo m'kaundula wa ovota, ndipo kunatuluka mndandanda wa maina oposa 50,000. Mndandandawo unali ndi zolakwika zambiri, chifukwa maina ongofanana pang'ono ankatengedwa ngati munthu mmodzi. Akulu a zisankho m'maboma ena anakana kuugwiritsa ntchito, ena anautsatira. Popeza anthu akuda anali ochuluka pa mndandandawo, ndi iwo amene anabwezedwa kwambiri pa malo ovotera.

Lamulo la Florida linkati kusiyana kukakhala kochepera theka la 1 peresenti, makina awerengenso. Atawerenganso, 1,784 uja anatsika mpaka pafupifupi 300. Apa Gore anapempha kuti mavoti awerengedwe ndi manja m'maboma anayi: Volusia, Palm Beach, Broward ndi Miami-Dade. Onse anali maboma amene iye anapambana. Maloya ake anali ndi chifukwa, popeza lamulo linkafuna kuti pempho lotere lipite ku boma lililonse palokha pasanathe maola 72. Komabe kwa anthu zinaoneka ngati akusankha munda wokolola, ndipo a Bush, motsogozedwa ndi James Baker, nduna yakale ya zakunja, anaimba nyimbo imeneyo tsiku ndi tsiku: mavoti awerengedwa kale kawiri, anthuwa akufuna kuwerenga mpaka apeze yankho lowakomera.

Wolandira ndi kuvomereza zotsatira anali Katherine Harris, mlembi wamkulu wa chigawo. Mayiyu analinso mmodzi mwa otsogolera kampeni ya Bush ku Florida. Kuti tinene chilungamo, mkulu wa zamalamulo wa chigawocho, Bob Butterworth, nayenso ankatsogolera kampeni ya Gore; nthawi imeneyo kumeneko maudindo otere anali a andale osankhidwa ndi anthu. Koma cholembera chinali m'manja mwa Harris. Iye anati lamulo likuti zotsatira zifike pofika pa 14 Novembala, ndipo sadzadikira owerenga ndi manja. Mavoti ochokera kunja kwa dziko, ambiri a asilikali, atawonjezedwa, Bush anakwera kufika pa 930. A Democrat anayesa kukana ena mwa mavotiwa chifukwa analibe chidindo cha positi, koma ataona kuti akuoneka ngati akulimbana ndi asilikali, Lieberman anapita pa wailesi yakanema n'kunena kuti awerengedwe.

Pa 21 Novembala Khoti Lalikulu la Florida linawonjezera nthawi mpaka 5 koloko madzulo a pa 26 Novembala. Zithunzi za masiku amenewo n'zosaiwalika: akuluakulu atatu pa tebulo, wina atakweza khadi m'mwamba, akuliyang'anitsitsa pa kuwala ndi galasi lokuzira zinthu, maloya a mbali ziwiri atawaimirira kumsana. Vuto linali loti boma lililonse linali ndi muyezo wake. Ku Broward kachidutswa kotupa kankawerengedwa mosavuta, ndipo Gore anapezako mavoti owonjezera oposa 500. Ku Palm Beach anali okhwima. Ku Miami-Dade, pa 22 Novembala, gulu la anthu ovala bwino, ambiri mwa iwo ogwira ntchito za chipani cha Republican ochokera ku Washington, linachita phokoso ndi kumenya zitseko pa ofesi yowerengera, likudandaula kuti owerenga asamukira m'chipinda chosaoneka bwino. Tsiku lomwelo akuluakulu a bomalo anasiya kuwerenga, ponena kuti nthawi siikwana. Palm Beach inachedwa ndi maola pafupifupi awiri, ndipo Harris anakana zotsatira zake. Usiku wa pa 26 Novembala analengeza kuti Bush wapambana ndi 537.

Gore anakasuma kutsutsa zotsatirazo. Pa 4 Disembala jaji N. Sanders Sauls wa ku Tallahassee anamukanira zonse. Pa 8 Disembala Khoti Lalikulu la Florida, majaji 4 kwa 3, linatembenuza chigamulocho: linalamula kuti mapepala onse osaoneka voti m'chigawo chonse awerengedwe ndi manja, ndipo linawonjezera mavoti ena amene anali atapezeka kale, moti Bush anatsala patsogolo ndi 154 okha. Kuwerenga kunayamba m'mawa wa tsiku lotsatira. Masana omwewo Khoti Lalikulu la dziko lonse ku Washington, majaji 5 kwa 4, linalamula kuti kuime.

Mlanduwo, Bush v. Gore, unamvedwa pa 11 Disembala, Theodore Olson akuimira Bush ndipo David Boies akuimira Gore. Chigamulo chinatuluka usiku wa pa 12 Disembala, ndipo chili ndi mbali ziwiri zimene anthu amazisakaniza. Majaji 7 anaona kuti kuwerenga kopanda muyezo umodzi kuli ndi vuto pa malamulo aakulu a dziko, chifukwa khadi lofanana likhoza kuwerengedwa m'boma ili n'kukanidwa m'boma linalo. Koma pa funso la chochita, anagawanika 5 kwa 4. David Souter ndi Stephen Breyer anati nkhaniyo ibwerere ku Florida, akhazikitse muyezo umodzi, awerenge mpaka pa 18 Disembala pomwe nthumwi zinkayenera kuvota. John Paul Stevens ndi Ruth Bader Ginsburg anati khotilo silinayenere kulowerera n'komwe. Asanu aja, William Rehnquist, Sandra Day O'Connor, Antonin Scalia, Anthony Kennedy ndi Clarence Thomas, anati nthawi yatha, popeza pa 12 Disembala linali tsiku limene lamulo linkateteza zotsatira za chigawo kuti zisatsutsidwe ku nyumba ya malamulo. Onse asanuwo anasankhidwa ndi apulezidenti a Republican, ngakhale Stevens ndi Souter nawonso anali otero.

Pali zinthu ziwiri zimene zimandivuta pa chigamulochi. Choyamba, khoti lomwe linati nthawi yatha ndi lomwe linaimitsa wotchi masiku atatu m'mbuyomo. Chachiwiri, majajiwo analemba kuti maganizo awo akukhudza mlandu uwu wokha. Khoti lalikulu ntchito yake ndi kuika mfundo yoti ena adzatsatire; likanena kuti iyi musadzaigwiritse ntchito kwina, munthu umadabwa ngati eni ake ankaikhulupirira. Ndipo ngati kusiyana kwa miyezo pakati pa maboma kunali kuphwanya ufulu wa ovota, nanga kusiyana kwa makina, komwe kunataya mavoti ambiri m'maboma a makhadi obowola kuposa m'maboma a makina atsopano, kunali chiyani?

Pa 13 Disembala, patatha masiku 36 chivotereni, Gore analankhula ku dziko. Anati sakugwirizana ndi chigamulocho koma akuchilandira. Nthumwi zitavota, Bush anapeza 271 ndipo Gore 266, chifukwa nthumwi imodzi ya mzinda wa Washington inasiya pepala lake losalemba podandaula kuti mzindawo ulibe aphungu ovota m'nyumba ya malamulo. Kanali koyamba chichokereni 1888 kuti munthu wochepa mavoti m'dziko lonse atenge mpando. Florida nayo sikanali koyamba: mu 1876, pa mpikisano wa Rutherford Hayes ndi Samuel Tilden, inalinso pakati pa zigawo zomwe zotsatira zake zinakanganiridwa.

Nanga anapambana ndani kwenikweni? Mu 2001 makampani a nkhani, kuphatikizapo The New York Times, The Washington Post, The Wall Street Journal, CNN ndi Associated Press, analipira bungwe la kafukufuku la NORC la ku University of Chicago kuti liunike mapepala 175,010 amene sanawerengedwe. Zotsatira zinatuluka mu Novembala, dziko lili kale pa nkhani ya zigawenga za pa 11 Seputembala, moti ochepa ndi amene anazitchera khutu. Zinasonyeza kuti kuwerenga kwa maboma anayi amene Gore anapempha kukanatha Bush ali patsogolobe. Kuwerenga kwa mapepala osaoneka voti kumene khoti la Florida linalamula nakonso kukanamusiya Bush patsogolo. Koma kuunika mapepala onse a chigawo chonse, kuphatikizapo ovotedwa kawiri, kunkapereka chipambano kwa Gore ndi mavoti osakwana 200.

Zinatheka bwanji? Pakati pa mapepala ovotedwa kawiri panali ena amene cholinga cha wovota chinali chosakayikitsa: munthu wachonga pa dzina la Gore, kenako pa mzere wolembapo dzina la munthu amene sali pa mndandanda walembanso kuti Gore. Makina ankati wavota kawiri, pomwe maso a munthu akanaona kuti ndi voti imodzi. Mapepala otere anali ambiri kwa Gore kuposa kwa Bush, ndipo ambiri anali m'maboma amene Bush anapambana, komwe maloya a Gore sanapiteko. Iwo anathera masabata asanu akuyang'ana tizidutswa totupa ku Miami ndi ku Palm Beach, mavoti awo ali kwina. A gulugufe ndi a ku Duval aja, omwe anali ochuluka koposa, palibe kuwerenga kumene kukanawabweza, chifukwa pa khadi lobowoledwa pa anthu awiri osiyana palibe jaji angalumbire kuti wovota ankafuna uti.

Florida inaletsa makhadi obowola mu 2001, ndipo mu 2002 nyumba ya malamulo ya dziko lonse inakhazikitsa lamulo la Help America Vote Act, lomwe linapereka ndalama zogulira makina atsopano.

Ntchito yomaliza pa chisankhochi inagwera Gore yemweyo. Malamulo amati wachiwiri kwa pulezidenti ndi amene amatsogolera msonkhano wa nyumba ziwiri za malamulo wowerenga mavoti a nthumwi. Pa 6 Januwale 2001 anakhala pa mpando umenewo. Aphungu angapo, ambiri mwa iwo akuda, anaimirira mmodzimmodzi kutsutsa nthumwi 25 za Florida. Lamulo linkafuna kuti chitsutso chisainidwe ndi phungu mmodzi ndi senata mmodzi, ndipo palibe senata amene anasaina. Gore ankafunsa aliyense ngati ali ndi siginecha ya senata, akayankha kuti alibe, ankamenya kanyundo pa tebulo n'kumukhazika pansi. Atatha onse, anawerenga yekha kuti George W. Bush wapeza 271.